Kumene Anachokera Nyathando

Kalisto anafika ulimba, choimbira cha matabwa ndi zipanda, uli kale pabwalo. Azakhali ake, mai Otilia, anali atautulutsa kuti uwotheko dzuwa, ngati kuti dzuwa la ku Bangula limadikira kuitanidwa. Ankapukuta zipanda zake ndi chitenje chakale chachipani, nkhope yojambulidwapo ataipindira mkati, popeza masiku amenewo ngakhale mbuzi zinali ndi maso.

"Afika abwana kalaliki a kujinala ya thonje," anatero Otilia. "Nsapato zikulira ngati anazibera mwini wake."

"Azakhali, anthu a wailesi akubwera Loweruka kudzajambula nyimbo. Ndibwerekeni ulimba wa malemu."

Ulimbawo unali wa Sebastiano, mwamuna wa Otilia, yemwe anali atagona kumanda zaka zingapo. Kuyambira ku Marka mpaka ku Chikwawa ankamudziwa ndi nyimbo imodzi, ya Nyathando: mkazi amene anatuluka mu Shire zovala zili zouma, nakwatiwa ndi wopalasa bwato, kenako chaka cha madzi osefukira nabwerera m'madzi osatsanzika. Sebastiano akafika pakati ankaimika manja n'kufunsa, "Wachokera kuti Nyathando?" Ndiye Otilia, ndi mawu ake akuthwa aja, ankatsogolera khamu lonse kuvomera, "Funsa madzi!" Chimwalirire mwamuna wake, mawu awiriwo anali asanatulukenso pakamwa pake.

"Ukaimba ya Nyathando?"

"Ndapeka chiyambi chake. Zimene zinachitika iye asanatuluke mumtsinje. A wailesi amafuna zatsopano."

"Iii! Amalume ako anaimba mpaka mano kutha osadziwa kwawo kwa mkaziyo. Iwe wakumana naye ku ofesi?"

"Mungomva kaye."

"Imba pompano. Ikandikomera, unyamula. Ikapanda kutero, ulimba ukubwerera kuseri kwa chitseko, iwe ukawaimbire pa chidebe."

Kalisto anavula nsapato, nagwira timitengo toimbira. Zoona zinenedwe, manja anali nawo mwanayo. Zipanda zitangoyamba kunjenjemera, amai awiri amene ankapita kumsika ndi madengu a nsomba anaima pampanda, wachitatu n'kutula mtolo wa nkhuni.

Nyimbo inayamba ndi mai wina wophika mchere, amene ankaoloka mtsinje ndi kamwana kumsana. Bwato linapendekeka, mbereko n'kumasuka. Maiyo anatsala akuyenda m'mbali mwa Shire, dengu la mchere pamutu, mvula ikusungunula mcherewo n'kumatsikira kumaso, mwakuti sankadziwanso kuti misozi ndi iti. Apa Otilia anasiya kupukuta. Anayang'ana kumbali, n'kunamizira kuthamangitsa nkhuku yomwe panalibe.

Koma Kalisto anapitirira. Mwana uja akuti anatoledwa ndi mvuu. Mvuu zinali ndi mudzi wake pansi pa madzi. Mvuu yaikazi inamuyamwitsa, ina inamuombera nsalu yosanyowa, ina n'kumutcha dzina loti Nyathando, ina n'kumulangiza za ukwati. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chinalinso ndi chifukwa china. Otilia anakoka mpweya, kukonzekera malo ake ovomera. Malowo sanabwere. Anakokanso, milomo ili yasa. Mnyamata ankangothamanga ngati sitima ya ku Nsanje yopanda siteshoni. Pomaliza, amai apampanda aja anali atapita kale ndi nsomba zawo.

"Mwaiona bwanji?" anafunsa Kalisto, thukuta lili kamukamu.

"Mai wamchere uja ndi pyadidi," anatero Otilia, Chisena chitamutulukira monga chinkachitira mtima ukagwedezeka. "Ameneyo ngakhale amalume ako akanamusirira. Wandikanda penipeni."

Kalisto anamwetulira, nayamba kufunafuna nsapato.

"Khala pansi. Mvuu zakozo, zinaphunzira kuti utelala?"

"Ndi nthano, azakhali. Anthu akhala akufunsa kuti anachokera kuti. Ine ndawayankha."

"Ndani anakutuma? Funso lija sankafunsa kuti wina ayankhe ndi mvuu. Ankafunsa kuti ife tilowe. Iwe wamanga nyumba yokongola, malata ngwee, koma khomo nkhabe, polowera palibe. Ine ndaima panja nyimbo yonse, mpweya uli m'chifuwa ngati chule."

"A wailesi nthawi yawo ndi yochepa. Sangadikire khamu."

"Mutu umodzi susenza denga, mwana wa achimwene. Amalume ako ankati akaimika manja, sankayang'ana khamu. Ankayang'ana ine." Anatola chitenje chija n'kuyamba kupukuta chipanda chimene anali atapukuta kale.

Kalisto anayang'ana ulimba uja. Anali atabwera kudzatenga matabwa ndi zipanda. Sanaganizeko kuti m'nyimbo ija munali malo a munthu amene akadali moyo.

"Ndiye ndiitaye yonse?"

"Ukataya mai wamchere ndikutemberera. Mvuu zibwerere m'madzi. Kumene mwana anapita kusiye kwa mwini mtsinje."

"Itsala yaifupi kwambiri."

"Nawenso ndiwe wamfupi, koma tikukusunga."

Mnyamata anaseka monyinyirika, nagwiranso timitengo. Anayambira pa bwato, mbereko n'kumasuka, mai n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa mtsinje ndi dengu lake. Atafika pamene mvuu zinkayenera kutulukira, manja ake anazengereza, kenako anaima m'mwamba. Zipanda zinang'ung'udza pang'ono n'kutonthola. Sanayang'ane kumsewu. Anayang'ana azakhali ake.

"Wapita kuti mwana wanga?" anaimba motsitsa.

Otilia anatsegula pakamwa. Poyamba panangotuluka mphepo, ngati chitseko chomwe chakhalitsa chosatsegulidwa. Kenako mawu anabwera, okalamba, osweka pang'ono, koma akuthwa ngati kale.

"Funsa madzi!"

Kuseri kwa mpanda mai wina wodutsa ndi ndowa pamutu anavomera nawo osaima n'komwe.

Otilia anaika dzanja pa thabwa lalikulu lakumapeto, pamene panali posalala ndi manja a Sebastiano.

"Loweruka ubwere ndi ngolo," anatero pomaliza, akupukuta mphuno. "Osati njinga."

"Ulimba ukwana panjinga, azakhali."

"Ulimba ukwana. Nanga ine? Ukuganiza kuti ndingasiye mawu anga kwa atsikana amene ungakatole kujinala, oimba ngati udzudzu? Ine ndi ulimbawu ndife katundu mmodzi."

Kalisto atapita, Otilia sanaubwezere ulimba kuseri kwa chitseko. Anaukokera pakhonde, pamthunzi, nakhala pambali pake, kumanzere, pamalo pomwe ankakhala kale.