Achimwene Anasekonda

Achimwene anga ndi khansala, ndipo ku khonsolo amangowatchula kuti a Ndasekonda. Dzinali sanalitole panjira ayi, analigwirira ntchito. Munthu akangopereka ganizo pamsonkhano, kaya logula makatani kaya losintha dzina la msewu, dzanja lawo limakhala lili kale m'mwamba. Iwo amati ndi ulemu. Ine ndimati ndi ulesi wovala tayi.

Nyumba ya amayi ili m'mphepete mwa nyanja, kuseri kwa bango, ndipo ine ndimasoka zovala pakhonde pake. Bangolo si lokongola, muli udzudzu ndi achule aphokoso, koma mphepo ikalusa mafunde amathera momwemo. Ndiye kunabwera mkulu wina wa hotela, wovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Anapempha khonsolo kuti azule bango lonse, amange khoma la simenti lolowa m'madzi, alendo ake azimwera pamwamba pake. Madzi akagunda khomalo adzathawira kuti? Kwa amayi, kulibenso kwina.

Ndinathamangira kwa achimwene.

"Achimwene, inu muli mu komiti ya zachilengedwe. Bango lija likachoka, amayi azigona m'madzi."

"Chemwali, mtima m'malo. Ndikayankhula mpaka onse atuluka thukuta."

Anayeserera pabalaza pomwepo, atagwira limoti ya TV ngati maikolofoni. Anakalipira kabati, analoza chala firiji. Alamu anga, akazi awo, anawomba m'manja, ine chitsiru ndinawombanso.

Tsiku la msonkhano ndinakhala pabenchi ya anthu wamba kumbuyo. Makhansala anazungulira tebulo lalitali, aliyense botolo la madzi ndi mbale ya mabisiketi patsogolo pake. Mipando yawo ndi yofewa mopanda chifundo. Mkulu woona zachilengedwe anaimirira n'kunena kuti anapita kukayendera malowo ndipo anapeza tchire lopanda ntchito. Kuyendera kwake kuti! Ndinamuona ndi maso angawa tsiku limenelo: anangotsitsa galasi la galimoto, ataona matope anakweza galasi lija, ulendo. Anapitiriza kuyankhula ndi mawu ake obweretsa tulo, fani ikuzungulira pamwamba. Nditayang'ana achimwene, chibwano chinali chitafika pa tayi.

Ndinatsokomola. Ndinagwetsa makiyi dala. Palibe.

Khansala wina anati pempho la hotela livomerezedwe. Wapampando anafunsa monga mwa nthawi zonse, "Alipo wosekonda?"

Kalanga ine! Mawu amenewo anawalowa achimwene ngati belu la kusukulu. Dzanja linadzuka maso asanatseguke.

"Ndasekonda!"

"Achimwene!" ndinakuwa ine. Mlonda anandigwira pamkono n'kunditulutsa, ati ndikusokoneza zokambirana za akuluakulu.

Achimwene atatuluka anandipeza pamasitepe, nyenyeswa za bisiketi zili pajekete.

"Ndimayesa akunena zopumira tiyi," anatero.

"Bwererani mukanene kuti munali mtulo."

"Aa, chemwali, khansala wathunthu anene zimenezo? Ndiponso zalowa kale m'maminitsi. Zikalowa m'menemo sizituluka."

Ndinawayang'ana munthu amene tinayamwa bere limodzi, ndipo ndinachita manyazi mpaka m'mafupa.

Thirakitala inabwera, bango linatha, khoma linakwera. Nyengo ya mphepo itafika madzi anayamba kudya bwalo la amayi ngati mbuzi padimba. Unapita mtengo wa gwafa, linapita bafa, kenako masitepe a khonde. Makina anga ndinawalowetsa m'nyumba. Bedi la amayi tinalikweza pa njerwa. Ndinapita ku khonsolo kukadandaula, anandiuza kuti woona zimenezo ali ku semina. Nditapitanso anali ku semina ina.

Koma tsiku lina khonsolo inabwera yokha, osaitanidwa, m'mawa ndithu. Mkulu wa zachilengedwe uja ulendo uno anatsika m'galimoto, atavala jombo zatsopano, ndi anyamata onyamula chitini cha penti yofiira. Achimwene anatsala pampando wakutsogolo, galasi lotseka.

"Mayi," anatero mkuluyo, "lamulo loteteza gombe sililola nyumba kuyandikira madzi chonchi. Iyi igwetsedwa."

"Nyumba sinasunthe iyi!" ndinalusa ine. "Nyanja ndi imene mwaibweretsa inu."

"Lamulo silifunsa amene wayendera mnzake."

"Nanga khoma ilo, lili m'madzi mwenimwenimo?"

"Iwo aja ali ndi chilolezo cha khonsolo."

Anyamata anayamba kulemba mtanda waukulu pakhoma la chipinda cha amayi, madzi akuwanyambita akakolo. Ine ndinali kusakasaka choti ndigende nacho. Amayi sanakuwe. Anakwinya chitenje, anadutsa m'matope pang'onopang'ono mpaka pagalimoto, n'kugogoda pagalasi ndi chala chimodzi. Achimwene anatsitsa pang'ono, pongokwana mphuno.

"Amayi, zimenezi si ine, ndi komiti…"

"Ndamva, mwanangu," anatero amayi. "Ungowauza anyamata akowo alembe m'mwamba pang'ono. Pamene akulembapo madzi afufuta sabata isanathe, ndiye mudzavutika kubweranso."