Mbewu ya ku Phalombe

A Josiah anabadwira ku Muloza, mbali ya phiri la Mulanje kumene mvula sachita kuipempherera. Mphepo ikachokera ku Mozambiki itasenza mitambo, imagunda phirilo, imakwera, imazizidwa, n'kutula madzi onse pomwepo pa tiyi ndi nthochi. Akazi awo, a Mainess, anali a kuseri, ku Phalombe, kumene mitambo yomweyo imafika itafinyidwa kale ngati nsalu yochapa. Awiriwa anakwatirana kwawo, kenako anatsata ntchito mpaka ku Lusaka, mu Chawama.

Zaka makumi atatu mkangano wawo unali umodzi, wa tsiku lodzala. Kuseri kwa nyumba anali ndi kamunda, mizere khumi ndi iwiri yokha pakati pa chimbudzi ndi mpanda. Ankadzalamo chimanga cha makolo chimene a Mainess anabwera nacho atachimanga pa chitenje, cholimba, chokonoka bwino, choti anankafumbwe amachita nacho ulesi. Mvula yoyamba ikangogwa, a Josiah ankathamangira khasu. A Mainess ankabisa chitini cha mbewu, n'kuwauza kuti imeneyo ndi chizimalupsa, kuno kulibe phiri loti liitane ina mawa. Bambowo ankang'ung'udza sabata yathunthu, koma chitini osachipeza.

A Mainess anamwalira mu Juni 1994. Chaka chomwecho kampani imene a Josiah ankalondera inagulitsidwa, ndipo eni ake atsopano anati nkhalamba zikapume. Ana anali ku Kitwe, osowa okhaokha. Kusungulumwa kuja, abale inu, munthu mpaka kumayankha wailesi! Chotsala cha akazi awo m'nyumbamo chinali chitini chija, tsopano chili poyera pa shelefu, ndipo mbewu imeneyo panalibenso wina mu Lusaka amene anali nayo.

Kumapeto kwa Okutobala kunagwa chimvula cha masana, fumbi lonse zii. A Josiah sanadikire n'komwe kuti madenga aleke kudontha. Mayi Kafula, oyandikana nawo, ogulitsa makala, anasuzumira pa mpanda n'kuwafunsa m'chinyanja cha m'tauni ngati ayamba kale kudzala.

"Ba Josiah, mwayamba kushanga? Ba Mainess benze kuyembekeza."

Anawayankha kuti munthu wobadwira mu mvula saphunzitsidwa mvula ndi wogulitsa makala. Mwano! Koma zoona zake n'zakuti ankafuna kuona china chake chobiriwira pakhomopo, chilichonse chamoyo. Anadzala chitini chonse, osasiyako ngakhale kadzanja kamodzi.

Chinamera bwino, mizere yonse biriwiri, ndiye kumwamba kunatseka. Sabata, masabata awiri, atatu. Mitambo inkabwera ndithu madzulo, yakuda bii, koma Lusaka ndi chigwa chathyathyathya, palibe choigwira mwendo. Inkadutsa pamwamba pa komboni ya Misisi n'kumapita. A Josiah ankaima panja kuyang'ana kum'mawa monga ankachitira ali mnyamata, pomwe ukaona nsonga ya phiri yafunda umadziwa kuti uchotse ufa padzuwa. Kuno ankangoona mapolo a magetsi ndi utsi.

Anayamba kutunga madzi. Pampopi pankakhala mzere wa zigubu kuyambira mbandakucha, ndipo iwo, bambo wa imvi, ankaima pakati pa azimayi ndi ndowa ziwiri. Ena ankawaseka kuti madzi akumwa akusowa, iwo akumwetsa chimanga. A Josiah ankangotunga n'kubwerera kukamunda kawo. Ankathira ndi kapu, phando lililonse kamodzi, koma dothi lake, la pamwala, linkameza madziwo iwo asanafike kumapeto a mzere. Kenako mpopi unauma masiku anayi. Masamba anapotana, anayera, ndipo tsiku lachisanu ankangofumbutuka m'manja.

Anafukula mizere yonse ndi zala, kuti mwina pali njere imene inachedwa kumera. Panalibe. Anakhala pansi pomwepo n'kulira, kulira kumene sanalire ngakhale kumanda, chifukwa kumanda kunali anthu.

Mvula yeniyeni inabwera mu Disembala, inadzaza misewu ya Chawama mpaka m'mawondo. Itakata, Mayi Kafula anabwera osaitanidwa, atanyamula kapepala ka mbewu ya m'sitolo, yopakidwa mankhwala ofiira. Za mwano uja sanatchuleko. Anangoti yatsala kumunda kwawo, ingawonongeke.

A Josiah anailandira ndi manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, njere zofanana zonse, zoti chaka chamawa sungadzalenso. Mayiwo atatembenuka kuti azipita, anawaitana ndi mawu otsika, m'chinyanja cha m'tauni chimene zaka zonsezi ankakana kulankhula.

"Ba Kafula, muniuzeko. Nishange liti?"