Masewero Anayi a Kochi Dettmer

Orval Dettmer anafika pa koleji ya Pawnee Creek ku Nebraska, m'dziko la America, atanyamula sutikesi imodzi, wezulo ili m'khosi, mkazi wake Wilma akubwera pambuyo ndi katundu yense wotsala. Koleji inali ya mpingo, yaing'ono, pakati pa minda ya chimanga, ndipo sikanatha kulemba makochi anayi. Inangolemba mmodzi amene anadzichemerera yekha kuti amadziwa zonse.

Nthawi yokolola Orval ankaphunzitsa futibolo. Chisanu chikagwa ankalowa m'holo kukaphunzitsa basiketibolo. Kunja kukayamba kufunda, ndiye bezibolo, mpira womenya ndi chibonga, ndi kuthamanga. Wilma ankaonera zonsezo atakhala pabenchi yapamwamba, bulangeti lili m'miyendo, ndipo sanachedwe kuona kuti mwamuna wakeyo masewero anayi onsewo ankawaphunzitsa mofanana: kukuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka.

"Thamangani, mbuzi inu! Miyendo munaisiya kwanu?"

Timu ikaluza, Orval sankafika kunyumba chimanjamanja. Ankabwera ndi chifukwa.

"Mayi, munamuona woyimbira uja? Ndi mlamu wa kochi wawo, nkhope yokha ikuchita kuonetsa."

"Nanga sabata yatha ija, bambo?"

"Ija inali mphepo."

"M'holo?"

"Inu zamasewero simuzidziwa. Ndipatsireni mbatata."

Chaka chimodzi chokha zinthu zinayenda. Chinali chaka cha chilala, fumbi likulowa ngakhale m'makabati. Munda wa bambo ake a mnyamata wina, Arvid Sandahl, unauma, mnyamatayo n'kubwera ku koleji poti kwawo kunalibe chochita. Anali wamtali moti pakhomo ankachita kuwerama, manja ngati mafosholo. Chaka chimenecho timu ya basiketibolo sinaluze ngakhale kamodzi. Orval anapachika chithunzi cha timuyo pabalaza, iye ali pakati atakumbatira chikho, Arvid ali kumapeto, theka la mutu litadulidwa ndi wojambula. Mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo, kaya m'busa, kaya wokonza mapaipi, ankayamba waimirira pachithunzicho asanapatsidwe mpando.

Arvid anamaliza maphunziro n'kupita. Kupambana nako kunapita naye limodzi, koma Orval anatsala.

Imvi zitayamba, kunabwera mkulu wa koleji watsopano, munthu waulemu amene sankafuna kukhumudwitsa aliyense. Sanamuchotse ntchito. Anangoyamba kumuvula masewerowo limodzilimodzi. Futibolo anaipereka kwa mnyamata wina wochokera kunkhondo.

"Akuti ndipumuleko," anatero Orval pofika kunyumba. "Aona kuti ndimadzipereka mopitirira."

"Eya, aonadi," anayankha Wilma, maso ali pa sokosi yomwe ankasoka.

Basiketibolo inatsatira, kenako bezibolo ndi kuthamanga. Pomaliza anamupatsa timu ya gofu, masewero omwe ndodo yake anali asanaigwirepo chibadwire. Anyamata a gofu anapirira milungu ingapo, kenako anakadandaula kuti munthu sangamenye kampira wina akumukuwira kukhutu.

Tsiku lotsanzikana naye popuma pantchito analiika pa masewero a futibolo, nthawi yopuma. Bandi inaimba. Orval anaima pakati pa bwalo atavala suti yake ya maliro, chifuwa chili patsogolo. Woyankhula anali Arvid Sandahl, tsopano dokotala wa mano ku Omaha, wonenepa, dazi likuwala.

"Anthuni," anatero Arvid pa maikolofoni, "a Kochi anatiphunzitsa mgwirizano. Chaka chija tinagwirizana tonse m'chipinda chovalira kuti akati kumanzere, ife kumanja. Akati ponya, ife gwira. Mwaona nokha chikho chinabwera!"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Madoda amene anasewerapo m'matimu a Orval ankamenyana pamsana, ena akupukuta misozi. Wilma anayang'ana mwamuna wake kuti aone ngati agwe kapena atuluke. Koma Orval anali akuseka kuposa onse, akugwedeza dzanja kwa anthu, kenako anamukumbatira Arvid m'mimba, poti m'mapewa sakanafikamo.

M'galimoto pobwerera anaika chikwangwani chaulemu chomwe koleji inamupatsa pamiyendo ya Wilma.

"Mwamva mmene amandikondera? Arvid yemwe uja, mwana amene ndinamutola asakudziwa ndi kugwira mpira komwe!"

"Ndamva zonse, bambo."

"Nthabwala zake zija anatengera ine."

Wilma anatsegula pakamwa. Mawu anali atakonzeka kalekale, anawasunga zaka zonse zija pabenchi yozizira. Anayang'ana munthu wokalambayo akuyendetsa galimoto pakati penipeni pa msewu, akuimba nyimbo ya koleji mosemphana ndi mmene imaimbidwira, n'kuona kuti ngakhale atanena, mawa lake chifukwa chipezeka basi. Anatseka pakamwa, n'kutembenuza chikwangwanicho chafufumimba.

Nyengo yokolola itabweranso, Orval anali woyamba kufika pabwalo. Anakhala kumbuyo kwenikweni kwa benchi ya timu, n'kuyamba kumulangiza kochi watsopano mokuwa, mpira usanayambe n'komwe. Wilma anamusiya pomwepo, nazungulira bwalo lonse mpaka tsidya linalo, kukakhala pakati pa ochemerera timu ya alendo. Mayi wina wachipewa chofiira anamusunthira malo, n'kumugawira khofi wa m'fulasiki.

"Kodi mdala akubwebweta ukoyo ndi ndani?" anafunsa mayiyo.

Wilma anamwa khofi uja pang'onopang'ono.

"Kaya," anatero. "Ine ndine mlendo kuno."