Beseni la Mayi Margareta

Pa chipatala china chaching'ono cha m'mapiri, pakati pa Dowa ndi Ntchisi, panali azamba awiri amene ankagwira ntchito m'chipinda chimodzi koma osamwera tiyi pamodzi. Vuto linayamba chaka chotsatira chisankho cha matipate, pamene kuboma kunachokera uthenga woti mzamba mmodzi apite kumaphunziro ku Lilongwe. Mayi Margareta, amene analandira m'manja mwawo theka la ana a m'deralo, anachapa yunifolomu n'kuisita. Koma dzina limene linabwera linali la Luckness, mtsikana wongochoka kumene kusukulu ya unamwino.

Luckness anabwerako ndi chikwama chatsopano cha zilembo zofiira, ndiponso mfundo imodzi imene ankainena m'mawa ndi madzulo: mwana akangobadwa asasambitsidwe. Apukutidwe, agonekedwe wamaliseche pachifuwa cha mayi ake, afunditsidwe pamodzi, ayamwe. Kusamba ndi mawa. Ankati ofufuza anapeza kuti madzi amachotsa kutentha m'thupi la khanda, ndipo makanda ambiri ang'onoang'ono amafa ndi kuzizira. Mfundoyo inali yoona. Kungoti ankainenera pamaso pa odwala, chikwama chili paphewa.

"Masiku ano ndi matipate," ankatero Mayi Margareta pouza amayi odikirira. "Aliyense ali ndi chipani chake. Anzathuwa alowa chipani chosasambitsa ana."

Amayiwo ankaseka, poti kumudzi mwana wosasamba amati ngwauve.

M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itaphimba mapiri, kunabwera Aziza, mkazi wa a Mahamadi a golosale, limodzi ndi apongozi ake, Mayi Sadia. Aziza anali atapita padera kawiri, ndipo mimba iyi inali isanakwane masiku. Kunabadwa kamtsikana kakang'ono, kolira motsitsa. Luckness anakapukuta n'kukagoneka pachifuwa cha mayi ake. Kenaka Luckness anaitanidwa kusikelo, kumene amayi anali atadzaza pakhonde.

"Chonde musamusambitse, ndi wamng'ono kwambiri," anatero potuluka.

"Mwamva, mayi? A ku Lilongwe alamula," anatero Mayi Margareta.

"Iyayi, adokotala," anadandaula Mayi Sadia. "Bambo ake akubwera kudzamupempherera m'khutu. Amunyamule ali ndi zoyerayera m'thupi chonchi?"

Mayi Margareta anaona okha kuti mwanayo ndi wochepa. Anamuyang'ana, kenaka anayang'ana chikwama cha zilembo zofiira chimene chinali pamsomali. Anatenga beseni. Madzi anali ofunda ndithu, koma windo la chipindacho linali losweka galasi, ndipo mphepo ya kuphiri inkalowa mwaufulu. Atamusambitsa anamukulunga m'shawelo yatsopano n'kumugoneka pambali pa mayi ake.

Dzuwa lisanafike pamutu mwana anasiya kulira. Bere analikana. Mayi Margareta atamugwira mapazi anamva ngati agwira mwala wa kumtsinje. Anali ataona makanda ambiri otere, ndipo ankangoti anabadwa ofooka. Lero anayang'ana beseni lija, madzi akadali momwemo. Galimoto ya chipatala inali kuboma.

Luckness polowa anaona beseni, anaona shawelo. Anathamanga kuti amuvule mwana, koma Mayi Sadia anamutsekereza.

"Mwana wazizira, ndiye inu mumuvule? Zimenezi n'zimene anakuphunzitsani?"

Luckness anatembenukira kwa mnzake, ndipo analankhula motsitsa kuti ena asamve. "Mayi Margareta, ine sandimvera. Inu akumverani. Ndithandizeni."

Aka kanali koyamba kuti awapemphe kanthu chibwerere ku Lilongwe.

"Mayi Sadia," anatero Mayi Margareta, "Mahamadi wanuyo ndinamulandira ndine. Chokani pamenepo, mundipatse chitenje."

Anamuvula mwana n'kumuika pakati pa mabere a Aziza. Luckness anawasonyeza mopendeketsera kamutu kuti azipuma bwino, ndipo iwo anamanga chitenje molimba ngati mobereka mwana, koma kutsogolo. Anafunditsa onse awiri bulangete. Mphepo inali ikulowabe. Mayi Margareta anayang'ana uku ndi uku, anachotsa chikwama cha ku Lilongwe pamsomali, n'kutseka nacho bowo la pawindo. Mwini wake anali kalikiliki kufinyira mkaka woyamba wachikasu uja m'kasupuni n'kumadonthezera m'kamwa mwa mwana.

Anadikira. Aziza ankangoyang'ana kudenga, milomo ikuyenda. Mayi Margareta sanapite kukadya. Anakhala pamphepete pa bedi, dzanja lili m'bulangete, atagwira timapazi tija. Dzuwa litapendeka anadzutsa mutu.

"Tafunda," anatero.

Patapita kanthawi mwana anafunafuna bere yekha. A Mahamadi anapemphera atawerama, kukamwa kuli pakhutu la mwana, mwanayo ali pomwepo pachifuwa.

Sisita Veronika, woyang'anira azamba wochokera kuboma, atamva nkhaniyi sanakalipire aliyense. Anawakhazika pansi awiriwo n'kunena kuti wopita kumaphunziro amapitira chipatala chonse, ndipo akabwera azisonyeza anzake ndi manja, paokha, osati kuwalalikira pamaso pa odwala.

Tsopano amene amaletsa apongozi kusambitsa makanda ndi Mayi Margareta, ndipo palibe amawayankha. Beseni limadikira mawa. Chikwama chikadali pawindo, zilembo zinasuluka ndi dzuwa. Mayi Margareta akachiloza amati aka n'koyamba kuti chigwire ntchito.

Phunziro: Khanda likangobadwa lipukutidwe n'kugonekedwa pachifuwa cha mayi ake, kusamba kudikire. Njira yotsimikizika ikabwera ndi munthu amene timamuchitira nsanje, imakhalabe yoona, ndipo tikaikana wovutika ndi mwana. Nayenso wophunzira abweretse nzeruzo mwaulemu, kuti anzake azilandire.