Botolo Lachitatu Kuchokera Kumanzere

Mkulu wina wa pasitolo ya mankhwala anali atatha chaka asakuona bwino, koma ukanayerekeza kumuuza, ukanaputa mavu. Zilembo za pamabotolo zinali zitasanduka nyerere. Ndiye anapeza nzeru: botolo lililonse linali ndi malo ake pashelefu, dzanja n'kumangopita lokha. Anthu ankamutama kuti ntchito ili m'magazi. Iye ankangomwetulira, mantha ali tho mumtima.

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina atabereka khanda, thupi lili moto. Dzanja linapita: shelefu yachiwiri, botolo lachitatu kuchokera kumanzere.

"Kasupuni kamodzi, mayi. Koma dikirani ayambe wayamwa masana."

Mayiyo atatuluka, panapita kanthawi, kenaka mpongozi wake wa mkuluyo, amene ankamuthandiza pasitolopo, analowa ndi ndowa, akusekerera.

"Bambo, simukundiyamika? Dzulo ndinatsitsa mabotolo onse n'kupukuta fumbi. Ndawasanja bwino, aatali paokha, aafupi paokha."

Chakudza sichiimba ng'oma. Mkuluyo anapapasa pamene anachotsa botolo lija, natenga linzake la pambali. Analiyandikiza kumphuno, analitalikitsa. Nyerere zokhazokha.

Wotchi ya pakhoma inalira kakhumi ndi kamodzi.

Akanatha kungokhala chete. Mwina mankhwala ake anali omwewo, ndani akanadziwa? Kunyada kunamudyera mphindi zingapo zimene mwana uja analibe.

"Apongozi," anatero, "tandiwerengerani apa. Ine sindiona. Chaka chonsechi sindiona."

Mpongoziyo anatula ndowa, nawerenga.

"Awa ndi ogonetsa tulo anthu akuluakulu, Bambo. Mzere wonsewu ndi omwewo."

"Ndapatsa khanda."

"Mayi ake ndani? Amakhala kuti?"

"Nkhope yawo sindinaione."

"Kapena ndi aja ndakumana nawo pamphambano, a ambulera yofiira?"

"Kaya, mwana wanga. Thamangani."

Mpongoziyo anasiya nsapato pakhomo n'kuliyatsa liwiro.

Mkuluyo anavula khoti lake loyera, nalipinda bwinobwino. Anachotsa makiyi a sitolo m'thumba n'kuwaika pakauntala, mbali imene mpongozi wake amaimira. Kenaka anapapasa khoma mpaka pakhomo, naima poyera, pomwe aliyense akanatha kuona kuti munthuyu ndi wakhungu. Anatchera khutu kumsewu.

Kumbuyo kwake, wotchi inayamba kulira kakhumi ndi kawiri.