Buku Logonetsa

Chithyokereni mwendo, amuna awo a mayi telala anasanduka wailesi yosazimitsika. Munthu wozolowera kuyendetsa basi akukalipira aliyense pamsewu, lero mwamugoneka pasofa ndi chikhakha, mukuti pakamwa atseka? Makina osokera akangoyamba kulira, iwo kuitana. Mwendo ukuyabwa. Pilo watentha. Ntchentche iyi ndi yomwe ija ya dzulo.

Chonsecho diresi laukwati la mwana wa eni linali lisanaikidwe manja, ukwatiwo uli Loweruka. Mayi telala zinawakwana. Anatenga chikwama, ulendo wa ku laibulale.

“Mukufuna buku lotani, mayi?” anafunsa mtsikana wapakauntala. “Lachikondi? La mbiri yakale?”

“Logonetsa.”

“Pepani, mwati?”

“Loti munthu akangolitsegula, tulo. Si langa ayi, ndi la bambo akunyumba.”

Mtsikanayo anayamba kusimba za mabuku okoma amene angofika kumene. Mayi telala anamudula. Zokoma anali nazo ntchito yanji? Analowa okha pakati pa mashelefu. Ankatola buku, kuliyeza kulemera m'manja ngati mutu wa kabichi, n'kulibweza. Lili ndi zithunzi? Ayi, bambowo aziwaitana kuti adzaone. La magalimoto? Ndiye kuwaputa dala. La matenda a mafupa analibweza mothamanga.

Atatopa anasuzumira m'chipinda chowerengera, ndipo nzeru inawabwerera. Kuvutikiranji, umboni uli poyera? Anayenda tebulo ndi tebulo akuyang'ana anthu kumaso. Wina ankangoyasamula, anamupitirira. Wina ankawodzera n'kudzidzimuka, ameneyo bukulo linali lisanamugwire bwino. Koma pakona, pansi pa fani, panali bambo wina wajekete lalikulu atatsamiritsa tsaya pabuku lonenepa lomatidwa chikuto chakhaki. Mkonono wake unkagwedeza nyuzipepala yapatebulo.

Mayi telala anakoka bukulo pang'onopang'ono, n'kulowetsapo nyuzipepala ija. Bamboyo sanaphethire n'komwe. Mtima wawo unadzaza chimwemwe.

“Ndapeza,” anatero pakauntala.

“Koma mayi, bambo amenewo ndi alonda, amabwera kuno akaweruka kuti…”

“Dinda, mwanawe, ntchito ikundidikira.”

Kunyumba anawapatsa amuna awo bukulo ngati mankhwala, n'kukakhala pamakina. Kunati zii. Anasoka dzanja limodzi lonse popanda wowaitana, mpaka anayamba kung'ung'udza kanyimbo.

“Amayi! Amayi inu, thamangani!”

Anathamangadi, poganiza kuti munthu wagwa pasofa. Anawapeza atakhala tsonga, maso ali tong'o.

“Amupha! Mwini hotela amupeza m'bafa, chitseko chokiya cham'kati. Inu, munthu angaphedwe bwanji chitseko chili chokiya?”

“Mwandiitanira zimenezo?”

Anabwerera kumakina akukukuta mano. Koma bambowo anayamba kuwerenga mokweza, mawu awo aja okalipira pamsewu, ndipo makina sakanawaposa. Mayi telala anapondaponda mwaukali. Kenako anapondako pang'onopang'ono. Pofika pamene mkazi wa malemuyo ananama kwa apolisi, phazi linali litaima lokha.

“Ameneyo ndiye wapha,” anatero ali kuchipinda kosokera. “Mkazi wolira mopanda misozi ndimamudziwa ine.”

“Ayi, ndi wophika uja!”

“Wophika alowera pati? Tawerengani, musandichedwetse.”

Lachisanu masana mayi ake a mkwatibwi anagogoda, atanyamula chikwama choti atengeremo diresi. Palibe anayankha, choncho anangolowa. Diresi linali pamakina, dzanja limodzi lili lendee, linalo likadali chidutswa pansi. Telala wawo anali atakhala m'mphepete mwa sofa, akukanda mwendo wa amuna awo ndi singano yolukira kuti asasiye kuwerenga.

“Mayi telala! Ukwati ndi mawa!”

Mayi telala anakweza dzanja osatembenuka n'komwe.

“Shii! Takhalani kaye pansi, mayi. Atsala pang'ono kumugwira.”