Mbande Sizitayidwa

Amake mapasa anali asanadzalepo ngakhale tsabola. Atatopa n'kukangana ndi ogulitsa masamba, anakumba kabedi kuseri kwa nyumba n'kukhuthuliramo paketi yonse ya mbewu ya kabichi. Mbande zinamera mothithikana ngati tsitsi, ndipo posakhalitsa zinayamba kuchita chikasu.

Atelala oyandikana nawo nyumba, omwe anali ndi dimba lawo, anasuzumira pampanda.

"Mayi, zikupanikizana izo. Patulirani, zina muzule mutaye, apo ayi simudyapo kanthu."

"Nditaye? Inu abambo, tinsanza timene mumadula tija mumataya?"

"Ndimasokera mapilo."

"Basitu!"

Komabe mawu a atelalawo anawalowa amake mapasa. Anagwada n'kuyamba kuzula mbande zoonda akung'ung'udza, mpaka zotsalazo zinapeza popumira. Zozulazo anaziika m'beseni n'kukaima nazo pampanda paja.

"Izi n'zanu, mukawokere. Koma keni yanu yothirira ija izigona kwathu."

"Aa, mayi! Ndakulangizani mwaulere, kuthokoza kwake n'kundilanda keni?"

"Malangizo sathirira kabichi. Mukutenga, kapena ndipatse nkhuku?"

Atelala anaseka mpaka kutsokomola, n'kuwapatsira keniyo pamwamba pa mpanda.